Kabotolo ka a Reinford Pamaso pa Akulu a Mpingo

Amuna anga, a Reinford, ali ndi umboni umodzi wokha, ndipo aliyense wa mumpingo wathu wa ku Croydon, kuno kwa azungu, amaudziwa pamtima. Umayamba ndi mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'mapiri a ku Nkhotakota, akulima chamba pakati pa chimanga n'kumachikulunga m'makungwa a nthochi. Umapitirira pomwe mnyamatayo anayamba kusuta yekha katundu wake, mutu n'kusokonekera, mpaka tsiku lina anthu anamupeza pamsika wa Dwangwa akukangana ndi mbuzi ya eni ake. Pamenepo mpingo umaseka nthawi zonse, ngakhale waimva nkhaniyi kambirimbiri. Umathera pamsonkhano wa chitsitsimutso pomwe anagwada m'fumbi, n'kukazula munda wonse m'mawa mwake. Kuyambira tsiku limenelo, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, sanachikhudzenso.

Umboni wabwino, sindikukana. Koma kutalika kwake, abale! Ine ndine namwino, wotchi imakhala pachifuwa, ndipo ndinauyezapo: mphindi makumi anayi ndi ziwiri, osawerengera nyimbo ya pakati. Holo imene timapempheramo ndi yobwereka, ikamakwana wani koloko a gulu la karate amakhala ataima kale pakhomo ndi zikwama zawo. Ndiye ine ndinadzipatsa udindo. Ndinkakhala pampando wa kumbuyo kwawo, zikakwana mphindi makumi awiri n'kukoka jekete. Ndikakoka koyamba ankachita ngati sanamve. Kachiwiri ankati, "Pomaliza, abale ndi alongo," n'kuyamba nkhani ina. Kachitatu m'pamene ankakhala pansi, akundiyang'ana ngati ndawalanda nyama pakamwa.

Zaka ziwiri zapitazo anavulala msana kuntchito, m'nyumba ina yosungiramo katundu. Madokotala anati opaleshoni yayenda bwino, koma mtsempha wa mwendo wakumanzere unatsala ukuyaka moto. Munthu amene ankaima ola lathunthu pamaso pa anthu sankathanso kuima mphindi zinayi pasinki kutsuka makapu. Mapiritsi tinayesa a mitundu yonse. Ena ankawagonetsa dzuwa lili pamutu, ena ankawadzimbitsa, ena ankangowapatsa chizungulire ululu uli pomwepo. Kamodzi anayesa kupereka umboni atakhala pampando. Unatha m'mphindi zisanu ndi imodzi, mbuzi ya pa Dwangwa osaitchula n'komwe. Ine amene ndinkadandaula za kutalika ndinapita kuchimbudzi kukalira, chifukwa dzanja langa linali litakonzeka kale koma panalibe chokoka.

Mwezi wa Marichi dokotala wa za ululu, mayi wofatsa wa magalasi aakulu, anatiuza kuti patsala njira imodzi imene sitinayese. Anati madokotala akuluakulu kuno amaloledwa kulembera odwala ena mankhwala ochokera ku chamba ngati ena onse alephera. Anafotokoza kuti si onse amathandizika, ndipo sanatilonjeze zozizwitsa. Amuna anga ankangogwedeza mutu. "Yes doctor. Thank you doctor." Ine mtima unakhala pansi, kuiwala kuti munthu wa kwathu satsutsa dokotala pamaso. Amavomera zonse mwaulemu, akafika pamalo okwerera basi m'pamene amanena maganizo ake. Basi isanabwere n'komwe anandiuza kuti zimenezo samwa.

Patatha milungu iwiri phukusi linafika, ine n'kusainira pakhomo. Munali kabotolo kabulauni kotalika ngati chala, ndi kajakisoni kopanda singano koyezera. A Reinford anakayang'ana ali patali.

"Chimene ndinachizula ndi manja anga chabwera pa galimoto mpaka pakhomo," anatero, "ndipo wochilandira ndinu."

"Bambo a Chiye, awa ndi mankhwala. Pali dzina lanu apa, pali prescription, pali chilichonse."

"Mayi a Chiye, ine ndinachilima chimenecho. Ndimachidziwa kuposa dokotala wanuyo."

"Ndiye mukhala pampandopo mpaka liti?"

"Mu Juni mpingo ukukwanitsa zaka khumi, ndipo abusa andipempha umboni. Mukufuna ndiimirire ndinene kuti sindinachikhudzenso, kwinaku chili pansi pa lilime langa?"

"Muimirira ndi mwendo uti?"

Mawuwo atangotuluka ndinafuna kuwameza. Pakamwa panga pamathamanga kuposa nzeru zanga, zimenezo ndimadziwa. Anasisita bondo. Kenako anati nkhaniyi ipite kwa akulu a mpingo. Akavomera amwa, akakana ndibweze kumene kachokera.

Ndinapsa mtima, osanama. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pa unamwino, madokotala achinyamata amandifunsa ine akasokonezeka, koma m'nyumba mwanga mankhwala akuyenera kukavomerezedwa ndi anthu amene sanagwirepo ngakhale bandeji. Komabe ndinaona kuti munthuyu sakuchita makani wamba. Ntchito inatha, kuyendetsa galimoto mtunda wautali kunatha, kuvina kumaukwati kunatha. Chimene chinawatsalira ndi umboni uja, ndipo ankaopa kuti kabotoloka kawalandanso chimenecho.

Loweruka masana tinakwera tramu, kasitima ka m'tauni, kupita kuholo. Kabotolo anakana kukanyamula m'thumba limodzi ndi Baibulo, ndiye kanali m'chikwama changa pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ulendo wonse a Reinford ankangocheuka. Atakwera oyang'ana matikiti awiri a majekete owala, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu anayamba kutuluka thukuta mwezi wozizira.

"Khalani bwino," ndinawanong'oneza. "Akufuna tikiti, sakufuna inu."

"Simukuwadziwa anthu amenewa."

"Kuno si pa roadblock ya ku Salima, bambo."

M'kachipinda ka kuseri kwa holo tinapeza akulu atatu atakhala kale. Panali abusa Mishek, amene anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe kwa makolo a ku Dedza. Panali a Bonface, mlembi wa mpingo, munthu woti akalankhula mawu khumi pa mwezi ndiye kuti walongolola. Ndiye panali mayi Chileshe a ku Lusaka, mkulu wa amayi, amene ine ndimawakonda komanso kuwaopa. Padenga panali patatsala mabaluni a phwando la ana a eni ake. Titapemphera, abusa anandiuza kuti ndiike kabotolo patebulo. Kanakhala pakati pa tonsefe ngati munthu woimbidwa mlandu.

"Saka, mayi Esnat," anatero abusa, akuyamba ndi kaliwu kawo ka ku Zimbabwe, "inu ndinu a chipatala. Tiuzeni, chinthuchi n'chiyani kwenikweni?"

Ndinali nditakonzekera mlungu wonse, timapepala ta dokotala nditawerenga mpaka kung'ambika.

"Abusa, Sobo mumamudziwa. Palibe amamwa kapu yodzaza Sobo wosathira madzi. Ndiye chamba nachonso akatswiri amachifinya, n'kutaya zinyalala zonse, kutsala mphamvu yokhayokha. Chotsalacho chimakhala champhamvu kwambiri kuposa chosuta chimene mumachidziwa. Chimatuluka mosiyanasiyana. China chimaoneka ngati phula la njuchi, china chimauma n'kumasweka ngati shuga wopsereza. Chimenecho achinyamata ena amachiwotcha pakachitsulo n'kukoka nthunzi yake, ndipo chimamenya m'mutu nthawi yomweyo. China amachithira m'timachubu tosutira totchedwa vape. Zogula pamsewu palibe amadziwa zimene zilimo. Ine ndawalandirapo ku A and E, kofikira odwala mwadzidzidzi, ana otero, mtima ukuthamanga, akusanza, ena akuona zinthu zoti palibe."

"Mwaona!" anatero mayi Chileshe, akumenya patebulo.

"Dikirani, mayi, sindinathe. Ichi chili apachi ndi Sobo wothira madzi kale. Anatenga pang'ono n'kusungunula m'mafuta, ndipo analemba papepalapa kuchuluka kwa chilichonse. M'chamba muli zinthu ziwiri zikuluzikulu. China ndi chimene chimaledzeretsa, chinacho sichiledzeretsa. M'botolomu chosaledzeretsacho n'chochuluka, choledzeretsacho n'chochepa zedi. Sasuta, sawotcha. Amayeza ndi kajakisoni aka, kudonthezera pansi pa lilime, basi. Chimayamba kugwira ntchito pakatha ola kapena awiri, pang'onopang'ono."

Mayi Chileshe anapinda manja pachifuwa. "Manje imwe ba Esnat, chamba ni chamba. Olo muchivalike suti na tayi, ni chamba chabe."

A Bonface anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga.

"Sinikuseka ine," anapitiriza mayi Chileshe. "Mwana wanga Leroy munamuona mwamene enzelili. Three years osagwira nchito, kugona chabe mu room. Analeka chamba ndaba ya umboni wa ba Reinford aba. Lelo ayendetsa bus, ali na mukazi, ali na mwana. Manje akamvela ati ba Reinford bamwa chamba, nizamuuza chani ine?"

Ndinayang'ana amuna anga, ndipo anali ataweramitsa mutu ngati chigamulo chaperekedwa kale. Ndinaona kuti mlandu ukutipita, ndiye ndinangoyamba kulankhula chilichonse kuti pasakhale chete.

"Komatu mayi, si chomera chonse chili umu. Amangotenga madzi a m'masamba aja, n'ku..."

"Ayi," anatero a Reinford.

Tonse tinatembenuka.

"Ayi, mayi a Chiye, musawanamize anthu. Masamba mulibe kanthu. Masamba tinkataya."

Mlimi ndi mlimi basi. Munthu amene anabwera kudzamva chigamulo analephera kupirira kumva mbewu yake ikufotokozedwa molakwika. Anakhala tsonga, ululu ataiwala.

"Mphamvu ili pamaluwa a chachikazi. Chachimuna tinkazula chisanakhwime. Maluwawo akakhwima amatuluka utomoni, timadontho ting'onoting'ono tonyezimira ukayang'ana padzuwa. Mukamakolola, utomoniwo umamatirira m'manja ngati ulimbo. Pofika madzulo zikhatho zimakhala zakuda bii, sopo osachotsa. Tinkachita kupala ndi mpeni. Chimene mukuchitcha Sobo wosathira madzicho ndi chimenecho, azungu angochiyeretsa ndi makina awo."

"Saka zopalazo munkataya?" anafunsa abusa, mongofuna kudziwa ngati mwana wa pafamu.

A Reinford anayang'ana zikhatho zawo ngati utomoni uja udakalipo.

"Mayi anga ankatenga," anatero pomaliza.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndili pabanja ndi munthu ameneyu. Apongozi anga ndinawadziwa, mayi wa Mvano wa bulauzi yoyera, woti sankalola ngakhale fodya wamba pakhomo pake. Zimene zinatsatirazi ndinali ndisanazimvepo.

"Bambo anadwala chotupa cha m'mimba. Kuchipatala anawabweza, akuti palibe chochita. Ankabuula moti anthu odutsa panjira ankamva. Mayi ankadana nawo munda wanga uja, ankalira tsiku ndi tsiku, ankandipempherera mokweza kuti ndimve. Koma tsiku lina nditabwera kokolola anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Anati, 'Bwera nawo kuno manjawo.' Anapala ndi mpeni wosendera chinangwa, osandiyang'ana kumaso. Anasungunula pasupuni ndi mafuta a mtedza, anapemphera, n'kuwapatsa bambo kadontho ka pansonga ya kamtengo ka machesi. Kadontho kokha. Ine ndinaseka mumtima, ndimati kameneko kachita chiyani. Tsiku limenelo bambo anagona. M'mawa anapempha phala."

Anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Anakhala miyezi itatu. Masiku ena ankatuluka kukakhala pakhonde kuluka mphasa. Mayi sanawonjezepo muyezo chifukwa choti bambo apempha, ndipo ine sanandilole kukhudza supuni ija. Titaika maliro, mayi anandiuza kuti, 'Tsopano kazule.' Sindinazule. Ndinapitiriza chaka china chathunthu mpaka za mbuzi zija."

"Nanga bwanji simunatiuzepo zimenezi?" anafunsa abusa.

"Zimaononga umboni, abusa. Umboni umafuna chinthu choipa chikhale choipa basi. Ndikanati ndinene kuti mayi anga, a Mvano, ankandipala m'manja, anthu akanamva bwanji?"

Ine misozi inali ikungoyenderera, komanso ndinali nditakwiya. Zaka zonsezi ndakhala ndikukoka jekete pa nkhani ya mbuzi, pamene nkhani yeniyeni anaisiya kuseri kwa nkhokwe! Ndinawauza pomwepo, pamaso pa abusa, kuti tikakambirana kunyumba. A Bonface anasekanso, ulendo uno osadzigwira pakamwa.

Abusa Mishek anatenga kabotolo, anawerenga pepala lake lonse pang'onopang'ono, n'kukabwezera patebulo.

"A Reinford, za kumwa kapena kusamwa adokotala ananena kale, ife sitinaphunzire zimenezo. Ine ndinakulira m'fodya, sindingaweruze mbewu ya munthu. Koma funso la mayi Chileshe silinayankhidwe, ndipo ndi funso loona."

Mayi Chileshe anali akufufuza kansalu m'chikwama. Anamina, anakonza duku, n'kuwaloza amuna anga ndi chala.

"Imwani mankhwala yanu. Koma Leroy sinizamuuza ine. Muzamuuza mweka, pamenso pa bantu bonse, mu June. Vonse, na va bamayi banu. Osati kubisa mu cupboard monga kawalala."

"Ndidzanena," anatero a Reinford.

"Na mbuzi musasiye. Last time munaisiya."

Lolemba m'mawa tinayamba. Anaumirira kuti tipemphere kaye monga ankachitira mayi awo. Ndinakoka mafuta mpaka pamzere woyamba wa kajakisoni, monga analembera dokotala, n'kudonthezera pansi pa lilime. Anakwinya nkhope, akuti akukoma ngati udzu wonyowa. Patangotha mphindi khumi anayamba.

"Palibe chikuchitika. Onjezani."

"Si chosuta ichi, bambo. Dikirani."

"Ine kale kameneka sikakanandigwedeza n'komwe."

"Ndi zimene munanenanso mayi anu atanyamula kamtengo ka machesi."

Kiyi wa kabati ya mankhwala ndinamumangirira pamodzi ndi makiyi anga a kuntchito, ndipo muyezo unkakwera pokhapokha dokotala akanena. Mlungu woyamba kukamwa kunkawauma, masana ankawodzera, chiwongolero anachisiya kaye monga anawalangizira. Tsiku lililonse ankalemba m'kabuku mmene mwendo wakhalira kuti akamuonetse dokotala, ndipo polemba ankatalikitsanso ngati umboni. Mlungu wachiwiri sindinaone kusintha kulikonse, ndipo ndinayamba kuchita mantha kuti ndawavutitsa pachabe. Mwana wathu Chiye ankaimba foni kuchokera ku Lewisham tsiku ndi tsiku, ine kumuyankha m'Chichewa, iye kumangoti, "Give it time, Mum."

Lachinayi la mlungu wachinayi ndinabwera kuchokera kuntchito masana, ndipo ndili pamasitepe ndinamva fungo la anyezi. Ndinatsegula chitseko mwakachetechete. A Reinford anali ataima pachitofu akukazinga mazira, akuimba nyimbo ya pakati pa umboni ija, ndodo ili uko pakona. Ndinaima pakhomo ndi chikwama m'manja, maso pawotchi. Mphindi khumi ndi imodzi. Mazirawo anapserera, mchere anathira kawiri, koma ndinadya onse. Moto wa m'mwendo sunazime, ayi, mpaka lero ulipo. Iwo amati unasanduka makala, ndipo munthu angathe kukhala pafupi ndi makala.

Lamulungu la chikondwerero holo inadzaza mpaka kukhomo. Amayi tonse tinavala chitenje chimodzi chimene tinaitanitsa ku Lilongwe, anthu anabwera kuchokera ku Edmonton ndi kwina kutali, kukhitchini mpunga ndi nkhuku zikununkhira. A karate tinawapempha kuti tsiku limenelo abwere mochedwa. Leroy anakhala mzere wachitatu, mwana wake ali pamwendo, mayi ake pambali. Ine ndinakhala pamalo anga akale.

Nthawi ya umboni itakwana, a Bonface anaika mpando kutsogolo. A Reinford anayenda ndi ndodo mpaka pampandopo, anauyang'ana, n'kutsamiritsapo ndodo. Anakhalabe chiimire. Mpingo usanamve liwu limodzi, amayi anayamba nthungululu.

Anayamba monga mwa nthawi zonse, mapiri a ku Nkhotakota, makungwa a nthochi. Mbuzi ya pa Dwangwa inabwera, ndipo ulendo uno anaipatsa mawu akeake moti abusa anachita kuvula magalasi ndi kuseka. Kenako anatembenukira kumene sanapiteko zaka zonsezi. Ananena za bambo awo, za kuseri kwa nkhokwe, za mpeni wa chinangwa ndi kamtengo ka machesi.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukuuzani kuti sindinachikhudzenso," anatero. "Zinali zoona. Lero sindinganenenso choncho. Mwandiona ndaima. Ndaima chifukwa cha mafuta amene dokotala anandilembera, ndipo mafutawo ndi ochokera ku mbewu yomwe ija inandipengetsa. Leroy, mwana wanga, ndiyang'ane."

Leroy anadzutsa mutu. Mayi Chileshe anagwira m'mphepete mwa mpando.

"Ine ndi iwe tinkachifuna kuti tithawe. Tinkachisaka tokha, muyezo tinkadziikira tokha, ndipo unaona kumene chinatifikitsa. Ichi sindinachisake. Woyeza ndi wina, kiyi ali ndi mayi a Chiye, ndipo ukuwadziwa mayi a Chiye. Ndikadzangoti ndionjezere ndekha, ndabwerera kwa mbuzi ija. Usadzapite kukagula zapamsewu n'kumati a Reinford anavomereza. Ukadzamva chikukuitana, nambala yanga ndi yomwe ija."

"I hear you, uncle," anatero Leroy, mokweza kuti onse amve. "Ndamva."

Mayi Chileshe anatulutsa mpweya umene ndikuganiza kuti anausunga kuyambira mwezi wa Epulo. Anayambitsa nyimbo ya pakati ija okha, nthawi yake isanakwane, ndipo mpingo wonse unalandira.

Nyimbo itatha a Reinford anapitiriza, poti za msonkhano wa chitsitsimutso anali asanafikeko. Ndinayang'ana pachifuwa. Mphindi makumi awiri ndi zitatu. Ndinaona mitu ikutembenukira kwa ine mmodzimmodzi, ena akumwetulira, akudikira. Kukhitchini wina anasuzumira ndi chikombe m'manja, kuonetsa kuti mpunga ukuzizira. Ngakhale a Reinford anadukiza pakati pa mawu, anabwerera m'mbuyo pang'ono, mpaka m'mphepete mwa jekete munakhudza bondo langa.

Ndinatambasula dzanja n'kugwira nsaluyo. Inali itapindika pang'ono m'munsi chifukwa cha zaka ziwiri za pampando. Ndinaiwongola bwinobwino ndi zala, n'kubweza dzanja pamwendo panga.

"Pitirizani, bambo," ndinatero. "Mpunga tikatenthetsanso."

Pa mphindi makumi atatu ndi imodzi anati, "Pomaliza, abale ndi alongo." Ine ndinavula wotchi n'kuiponya m'chikwama, chifukwa ndinkadziwa kuti kwatsala nkhani ina yonse, ndipo anali adakali chiimire.